Kujambula filimu yoseketsa ya alendo a m'mlengalenga ndi foni, mbale ziwiri ndi nkhungu ya ku Dedza

Filimu ya mphindi 8 mpaka 10, yonena za zolengedwa za ku pulaneti lina zimene zabwera kudzalanda dziko koma zinthu n'kuzisokonekera, itha kujambulidwa ndi mafoni awiri, anthu osapitirira 12 ndi masiku atatu ojambula. Magulu ambiri sagwa chifukwa chosowa ndalama. Amathera mphamvu zonse pa chombo ndi zovala, nkhani n'kukhala yopanda mutu, mawu n'kumamveka ngati ajambulira m'chigayo. Nchifukwa chake malangizowa akuyambira pa zinthu zosalira ndalama.

Yambani ndi nthabwala imodzi, osati chombo

Alendowo asamaseketse. Iwo abwera ndi cholinga chenicheni, alankhule mwaukali, ayende modzikhulupirira. Oseketsa ndi anthu a m'mudzi amene akutenga kutha kwa dziko ngati nkhani wamba ya tsiku ndi tsiku. Mlendo akangoyamba kuvina kapena kudzigwetsa dala, mantha onse atha, ndipo popanda timantha pang'ono woonera alibe chosekera.

Sankhani vuto limodzi la kwanu limene alendowo agweremo. Chombo chatera m'munda wa kachewere ku Bembeke, chaphwanya mizere 14, mwini munda sakufuna kumva za kulandidwa kwa dziko asanalandire chipukuta misozi, nkhani yakafika pabwalo. Kapena mkulu wa alendowo walamula kuti amutengere kwa mtsogoleri, pomwe m'mudzimo muli mabanja awiri olimbirana ufumu, ndipo banja lililonse likumukokera kwawo. Kapena chombo chatera pa Lizulu, pamene mseu wa M1 ukuyenda m'malire, mwendo wina uli ku Malawi wina ku Mozambique, akuluakulu a mbali zonse akukankhirana kuti alendowa si athu, uku ogulitsa kabichi ndi tomato atazinga mazenera monga amachitira basi ikaima. Tengani imodzi yokha. Zitatu zonsezi m'mphindi 10 sizikwana, ndipo zikaphatikizidwa iliyonse imafooka.

Kenako pezani chimene chidzagonjetse alendowo. Chikhale chinthu chonyozeka, chomwe chili m'manja mwa munthu wonyozeka. Mu filimu ya Mars Attacks! ya mu 1996 asilikali amalephera, koma nyimbo yachikale imene gogo wina ankamvera ndiyo imaphulitsa mitu ya adaniwo. Musakope zimenezo, tengani kapangidwe kake kokha. Kwathu kuno chingakhale fodya wa mphuno wa agogo aakazi amene aliyense amawatenga ngati osokonezeka. Chinthu chimenechi chioneke katatu. Koyamba agogo akufwenkha pakhonde, palibe akulabadira. Kachiwiri mlendo wadutsa pafupi, wayetsemula, nyali za pachifuwa pake zathima pang'ono, waona ndi mwana yekha. Kachitatu mudzi wonse wanyamula timabotolo ta fodya. Mukachitulutsa kumapeto kokha, woonera amamva kuti mwamunamiza.

Polemba, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye masamba 8 mpaka 10 akwana. Malo ojambulira asapitirire atatu, olankhula asapitirire asanu. Alendo asaoneke thupi lonse mphindi zitatu zoyambirira zisanathe. Poyamba onetsani mthunzi, dzanja, mapazi achilendo mu mzere wa mbatata, ndi mbuzi imene yasowa chingwe chili chomangirira.

Musanasoke chovala chilichonse, kaonaneni ndi amfumu

Gawo ili si lamwambo chabe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe. Gulu la achinyamata ovala mitu yachilendo, atanyamula matochi obiriwira madzulo kuseri kwa mudzi, litha kugendedwa lisanapeze mpata wofotokoza. Pitani kwa nyakwawa ndi mutu umodzi wa mlendo m'manja, auone masana, augwire. Auzeni masiku ndi maola ojambula, apemphe a chitetezo cha m'mudzi kuti mmodzi azikhala nanu, ndipo dziwitsaninso apolisi a pafupi. Ovala zachilendo asayende pamseu atavala. Avalire pamalo pojambulira, avulenso pomwepo. Yunifolomu yeniyeni ya apolisi kapena asilikali, ngakhalenso mfuti yachidole, musaitulutse popanda chilolezo cha apolisi.

Chachiwiri, Dedza ndi dera la gule wamkulu. Mutu wa mlendo wanu usafanane ndi chilombo chilichonse, musagwiritse nthenga, chiguduli kapena nsanza zomangidwa mwa kavalidwe ka gule, ndipo musajambulire pafupi ndi dambwe kapena manda. Amene akukayika ngati chimene wapanga chikufanana ndi gule akafunse akuluakulu a m'mudzi asanapente.

Mapanga a Chongoni amakopa wojambula aliyense, koma ndi malo otetezedwa, ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006, ndipo kujambulirako kumafuna chilolezo cha a boma oyang'anira zinthu zakale. Utsi, madzi kapena dzanja zisafike pa zojambula za pamiyala. Nthabwala yoti zojambulazo anajambula ndi a m'mlengalenga isiyeni. Anajambula ndi Akafula ndi Achewa, ndipo kuwalanda ntchito yawo sikuseketsa. Miyala ikuluikulu yofanana nayo ili mbwee m'mphepete mwa phiri la Dedza ndi m'midzi yambiri.

Mwana aliyense amene aoneke, kholo lake lisaine kapepala kovomereza.

Chombo

Zofunika: mbale ziwiri zachitsulo zofanana za masentimita pafupifupi 25, kambale kakang'ono ka ndiwo, guluu wolimba, sandipepa, penti yotuwa yosanyezimira, chingwe cha mbedza chopyapyala kwambiri mamita 5, ndi nsungwi ya mamita atatu.

Boolani timabowo titatu m'mphepete mwa mbale yapamwamba, totalikirana mofanana, mupisemo zingwe zitatu zokumana pamfundo imodzi masentimita 40 pamwamba pake. Mukapachika ndi chingwe chimodzi chokha chapakati, chombo chimazungulira ndi kupendekeka pakaomba kamphepo. Vindikirani mbale ziwirizo kukamwa ndi kukamwa, mumate, kambale kakang'ono kakhale pamwamba chozondoka. Kwechani zonse ndi sandipepa musanapente. Kunsi matani tizinthu tating'ono: zitsekerero za mabotolo a mankhwala, tizidutswa ta m'kati mwa wailesi yakufa, masipoko a njinga odula. Tizinthu timeneti ndi timene timanamiza diso kuti chinthucho n'chachikulu. Mbale yosalala imaoneka mbale basi.

Chinsinsi chake ndi masamu a mtunda. Mbale ya masentimita 25 imene ili mita imodzi ndi theka kuchokera pa foni imadzaza malo ofanana ndi chombo cha mamita 25 chimene chili pa mtunda wa mamita 150. Ndiye imikani foni pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), kapena imangirireni pa mpando ndi mphira wa chubu cha njinga. Wonyamula nsungwi aime pambali, kunja kwa chithunzi, atsitse mbale mpaka ioneke pamwamba pa denga kapena pamutu pa phiri. Osewera aime kutali, mamita 15 kapena 20.

Zimene zimalakwika apa n'zodziwika. Mbale ikaoneka bwino koma phiri n'kuchita chimbuuzi, ndiye kuti foni yagwira pafupi kwambiri: zimitsani portrait, sunthirani mbale pa mamita awiri, dinani ndi kugwiritsa chala pa chinthu chimene chili pa mamita atatu kuti focus (pamene kamera ikuona bwino kwambiri) itsekeke pamenepo. Foni yokhala ndi kamera ya 0.5 (yojambula malo otambalala) imachita bwino kuposa apa, chifukwa pafupi ndi patali zonse zimaoneka. Chombo chikaoneka chakuda bii pomwe phiri likuoneka lotuwa, diso limazindikira msanga kuti chili pafupi, chifukwa chinthu chakutali chimatuwa ndi mpweya. Pentani motuwirapo kuposa mmene mukuganizira, ndipo jambulani kukachita mitambo kapena nkhungu. Chingwe chikanyezimira, ndiye kuti dzuwa likuchimenya cham'mbali; chidetseni ndi pensulo kapena sinthani mbali yoimira. Chombo chikamagwedera ngati chopepuka, jambulani pa 60 fps (zithunzi 60 pa sekondi) n'kudzachedwetsa ndi theka polumikiza. Chinthu cholemera chimayenda pang'onopang'ono.

Pa chithunzi chimene kumbuyo kuli thambo lokha, pali njira yakale: pachikani chombo chozondoka, mudzatembenuze chithunzicho polumikiza. Woonera amafufuza chingwe pamwamba, pomwe icho chili pansi.

Komabe chithunzi champhamvu kwambiri cha chombo ndi chimene chombocho mulibe. Foni iloze nkhope za anthu akuyang'ana kumwamba. Anthu awiri adutsitse mphasa pamwamba pawo kuti mthunzi uwakute pang'onopang'ono, ena atatu akupize ndi malichero kuti zitenje ziuluke ndi fumbi litukuke. Mangani kansalu kofiira kunsonga kwa nsungwi kuti onse aziyang'ana malo amodzi, apo ayi aliyense amaona chombo chakechake.

Mitu ndi matupi a alendo

Mitu iwiri yakwana. Njira yoichulukitsa ili m'munsimu. Fufumitsani baluni mpaka chingwe chozungulira pamimba pake chikwane masentimita 75 kapena 80, poti mutu wa munthu wamkulu umazungulira pafupifupi 55 mpaka 58 ndipo pamafunika malo a mpweya. Phikani phala la kapu imodzi ya ufa wa tirigu ndi makapu 5 a madzi kwa mphindi zitatu, thiranimo masipuni awiri a mchere kuti lisachite nguwi, lizizire. Ng'ambani nyuzipepala m'tizidutswa ta masentimita atatu m'lifupi, viikani, kololani phala lochuluka ndi zala ziwiri, yalani mopingasa. Miyalo 6 ndiyo imalimba, koma ikani iwiri yokha patsiku. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza, amene wayala yonse tsiku limodzi adzapeza kunja kouma m'kati mukununkha. Musaumitse padzuwa: baluni imafufuma ikatentha n'kung'amba pepala, usiku imafota n'kulikwinyitsa. Pachikani m'khitchini kutali ndi moto, komanso poti makoswe safika, poti kwa iwo chimenecho ndi chakudya.

Ukauma, phulitsani baluni, kuzani bowo la pakhosi mpaka mutu uzilowa ndi kutuluka mosavuta. Maso apangeni ndi tisefa tiwiri ta tiyi topentedwa kwakuda: wovala amaona ndi kupuma bwino, kamera siona m'kati. Boolani mabowo ena a mpweya kunsi kwa chibwano ndi kuseri kwa makutu. M'kati matani siponji ya matiresi akale pamphumi ndi kunkhongo kuti mutu uzitembenuka limodzi ndi munthu. Ngati mwapopera penti, papite masiku awiri usanavalidwe, ndipo wovala azivula pakatha mphindi 10 zilizonse. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumugwira dzanja poyenda pamiyala.

Thupi likapezeke pa kaunjika: ovolosi kapena majekete a mvula a mtundu umodzi, magolovesi a mphira ochapira, mabuti. Zala zitalikitseni ndi siponji, kapena mangani ziwiriziwiri kuti dzanja likhale la zala zitatu. Filimu ya Attack the Block ya mu 2011 inaopsa anthu ndi osewera ovala ubweya wakuda bii ndi mano owala. Phunziro lake n'lakuti mtundu umodzi wakuda ndi chinthu chimodzi chowala zimaposa zokongoletsa khumi. Katochi kamodzi pachifuwa, kokutidwa ndi chidutswa cha botolo lobiriwira la pulasitiki, kakwana.

Penti ya nyumba isakhudze khungu la munthu. Pakhosi ndi pamikono pakaoneka, sakanizani mafuta odzola oyera, ufa wa kondowole wosefa ndi madontho a kala ya makeke, muyese kaye pamkono dzulo lake kuti muone ngati sipatuluka zidzolo. Magazi kapena dovu la mlendo ndi therere lobala lophika ndi soda, losefa, lothira kala yobiriwira. Limanyololoka bwino pakamera kuposa chilichonse chogula, koma liphikeni tsiku lomwelo chifukwa likagona limasasa.

Kutchera foni

Jambulani foni itagona, kukula kwa chithunzi musankhe 1080p. 4K imadzaza malo, imatenthetsa foni, ndipo foni yolumikizira idzakanika kuinyamula. Mphindi imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 130 MB, ndipo filimu ya mphindi 10 imafuna zojambula zokwana ola limodzi kapena kuposa, ndiye pakhale malo osachepera 16 GB. Ikani pa airplane mode kuti foni yolowa isadule chithunzi. Pukutani galasi nthawi iliyonse musanayambe, makamaka m'nkhungu. Kuzizira kumatha batire msanga, choncho power bank ikhale m'thumba la jekete.

Magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz. Pojambula pansi pa babu pa 30 fps, nthawi zina pamayenda mizere yakuda. Pulogalamu yaulere ya Open Camera imalola kusankha 25 fps pa mafoni ambiri a Android, komanso kutseka kuwala ndi mtundu kuti zisamasinthe zokha. Mukasankha 25, filimu yonse ikhale 25, kupatula zithunzi zodzachedwetsa. Matochi otchipa amaphethira akakhala pa kuwala kochepa. Ayatseni mokwana, kuwalako muchepetse ndi pepala loyera kapena powasunthira kutali.

Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Yendani nayo foniyo.

Matsenga anayi osafuna kompyuta

Onsewa amadalira chinthu chimodzi: foni isasunthe ngakhale pang'ono, kuwala kukhale kotsekedwa. Wodina asagwire foni pakati. Yambani kujambula, chitani zonse, mudzadule pambuyo.

Kusowetsa munthu. Mlendo aloza chida chake, wofuula anena kuti "imani", onse aima chilili, woti asowe achoka, m'malo mwake musiya nsapato zake ndi kautsi, onse apitiriza. Polumikiza dulani pakati ponse pamene amachokapo, ikanipo kuwala koyera kwa mafelemu awiri kapena atatu ndi phokoso. Njirayi ndi ya m'ma 1890, ya wojambula mafilimu wa ku France, Georges Méliès, ndipo ikugwirabe ntchito. Imalephera kumbuyo kukakhala nthambi zogwedezeka kapena nkhuku yoyenda, poti izo siziima. Mbuzi imasowetsedwanso chonchi. Musaipachike pa chingwe.

Kukokedwa kupita kumwamba. Wosewera adumphe chafutambuyo kuchoka pa chulu kapena pa khonde losapitirira mita imodzi, agwere pa matiresi obisika, ndipo chithunzicho muchiyendetse chobwerera. Asalankhule, ndipo kumbuyo kusakhale utsi kapena munthu woyenda, chifukwa nazonso zidzabwerera.

Kuchulukitsa alendo. Lembani pansi zigawo zitatu: kumanzere, pakati, kumanja. Ajambuleni awiriwo m'chigawo choyamba, asunthire chachiwiri, kenako chachitatu, osadutsa malire, ngakhale mthunzi wawo usadutse. Jambulaninso masekondi 20 a malo opanda munthu. Mu pulogalamu yolumikizira mafilimu ya CapCut kapena KineMaster sanjikizani zithunzizo n'kudula chilichonse ndi mask (chida chobisira mbali ina ya chithunzi) kuti chigawo chake chokha chioneke. Awiri asanduka 6. Mdani wake ndi mitambo: ku Dedza imathamanga, ndipo kuwala kukasintha pakati pa zigawo, mzere wolumikizira umaonekera. Malizani zonse m'mphindi zisanu, kapena jambulani pamthunzi wa nyumba.

Chimphona. Masamu a mbale aja amagwiranso pa munthu: mlendo aime mamita awiri kuchokera pa foni, amfumu mamita 8, foni ikhale pansi kwenikweni, mapazi a onse abisike ndi udzu. Asayang'anane zenizeni, aliyense apatsidwe chinthu choti aziyang'ana kuti pachithunzi maso akumane.

Nsalu yobiriwira yochotsera kumbuyo isiyeni ngati mungathe. Imafuna kusita, kuwala kofanana paliponse, wosewera atalikire mamita awiri, ndipo mlendo wobiriwira amasowa nayo limodzi.

Usiku, nkhungu ndi utsi

Foni siona mumdima; imatulutsa chithunzi cha mchengamchenga. Usiku wa mufilimu ujambuleni dzuwa litangolowa. Mu Juni ku Dedza limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, ndipo kuwala kothandiza kumatsala kwa mphindi pafupifupi 20 zokha. Yesererani zonse kuyambira 4 koloko, kuti nthawiyo ikafika mungojambula zithunzi zitatu kapena zinayi zofunikitsitsa. Kuwala kwa chombo chotera ndi nyali ya njinga yamoto ya kabaza, yoikidwa kuseri kwa mitengo, kuloza chakumene kuli foni koma yobisika ndi thunthu. Kuwala kochokera kumbuyo kumasandutsa mlendo mthunzi wokhala ndi m'mphepete mowala, ndipo kumabisa zolakwika zonse za pepala ndi penti. Injini izimitsidwe ngati nyali imayaka payokha. Ngati siyaka, mawu mudzajambule padera.

Nkhungu ya m'mawa m'nyengo yozizira ndi utsi waulere umene ena amaugula ndi makina. Fikani pamalo isanakwane 6 koloko, chifukwa dzuwa likakwera imabalalika. Pofuna utsi wapafupi, ikani masamba aawisi pa makala a m'mbaula, kumbali kumene mphepo ikuchokera, ndowa ya madzi ili pompo. Matayala ndi mapulasitiki musaotche. Musawaze ufa m'mwamba pafupi ndi moto, chifukwa fumbi la ufa limayaka mwadzidzidzi. M'nkhalango ya paini, kapena pa udzu wouma kuyambira Ogasiti kupita m'tsogolo, moto wamtundu uliwonse ayi.

Mawu

Woonera amakhululukira chingwe chooneka, koma nthabwala imene sanaimve yafa. Foni yachiwiri ndi ya mawu okha. Imangeni kunsonga kwa nsungwi, ikhale pamwamba pa olankhula, masentimita 50 mpaka mita imodzi kuchokera pakamwa, kunja kwa chithunzi. Pa chithunzi chakutali ilowe m'thumba la malaya a wolankhula, mbali ya maikolofoni itayang'ana kumwamba. Mphepo ya mwera imawononga mawu kuposa chilichonse: kutani foniyo ndi siponji yopyapyala, muveke sokosi yaubweya, wonyamula aime moitchinga ndi thupi lake. Onse akayamba kujambula, mmodzi atchule nambala ya chithunzi n'kuomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuombako ndiko mudzalumikizire mawu ndi chithunzi.

Musanasankhe malo, kaimeni pamenepo mphindi zisanu pa ola lomwe mudzajambule, mumvetsere. Chigayo, malole a pa M1 ndi zokuzira mawu za pa shopu sizichotseka pambuyo. Pamalo aliwonse jambulaninso mphindi imodzi onse ali chete, yodzatsekera mipata.

Mawu a ovala mitu musawadalire, amamveka ngati ali m'mbiya. Ajambuleni padera m'chipinda chokhala ndi matiresi ndi mabulangete. Chilankhulo cha alendo chipangeni polankhula Chichewa pang'onopang'ono, kenako mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mutembenuze mawuwo chobwerera n'kuwatsitsa kapena kuwakweza pang'ono. Tanthauzo lilembedwe m'munsi m'Chichewa, mizere isapitirire iwiri, ikhale masekondi osachepera awiri. Apa pali mgodi wa nthabwala: mlendo alankhula nthawi yaitali mwaukali, womasulira wa m'mudzi amene wadzipereka yekha auza amfumu kuti "akuti zikomo kwambiri, afika bwino", pomwe woonera wawerenga zenizeni.

Kulira kwa chombo: gwedezani lata lalitali, zunguzani paipi ya pulasitiki m'mwamba, kapena yendetsani chala chonyowa pamlomo pa tambula yagalasi. Sanjikizani ziwiri mwa izi, muzichedwetse.

Pojambula osewera

Chithunzi chilichonse chijambulidwe patali kamodzi, kenako pafupi pa aliyense wolankhula, kenako nkhope za omvera. Nthabwala ya thupi imafuna chithunzi chapatali kuti mlendo ndi mwini munda aoneke limodzi, wina wamtali ndi chida chake, wina akuwerenga mizere ndi ndodo. Nkhope ya womvera ndiyo imauza woonera poti aseke, ndiye musaiwale nduna imene yangokhala duu ikusenda chinangwa dziko likulandidwa.

Anthu awiri akamalankhulana, ganizirani mzere wowalumikiza, foni ikhale mbali imodzi ya mzerewo nthawi zonse. Mukaoloka, polumikiza onse amaoneka akuyang'ana mbali imodzi.

Amene anazolowera sewero la pasiteji amakuwa ndi kutambasula manja. Auzeni achepetse ndi theka. Mawu ngati "Pepani achimwene, kaya mwachokera kutali, koma pano mwaponda ndi pa mbeu" amaseketsa akanenedwa mwaulemu ndi nkhope youma. Lolani osewera kuonjezera zawo pa ulendo wachitatu, mutatenga kale ziwiri zotsata zolembedwa. Opanda malire amatalikitsa chithunzi cha masekondi 40 kufika mphindi zinayi. Wina azijambula zithunzi za zovala ndi malo a katundu tsiku lililonse, kuti chipewa cha amfumu chisasinthe pakati pa chiganizo.

Madzulo aliwonse koperani zonse pa malo awiri, laputopu ndi memory card ina, musanafufute kanthu.

Kulumikiza ndi kutulutsa

Yambani ndi kulumikiza nkhani yokha, popanda matsenga kapena nyimbo. Ikapanda kuseketsa ili choncho, kuwala kobiriwira sikudzaipulumutsa. Lowani m'chithunzi mochedwa, tulukani msanga: malonje onse a pabwalo safunika, pokhapokha ngati nthabwala yake ndi yoti mlendo akudikira malonjewo athe. Pambuyo pa mawu oseketsa siyani sekondi imodzi kapena ziwiri pa nkhope ya womvera, kuti kuseka kwa anthu kusakwirire mawu otsatira. Zonyezimira zokonzeratu za mu CapCut gwiritsani ziwiri kapena zitatu mufilimu yonse, ndipo chida cha mlendo chizitulutsa kuwala ndi kulira kofanana nthawi zonse.

Nyimbo za oimba ena musaike popanda chilolezo. YouTube ndi Facebook zimatha kuzimitsa mawu kapena kutseka filimuyo, ndipo kuno kwathu nkhani za umwini wa nyimbo zimadzera ku bungwe la COSOMA. Woimba kiyibodi wa kwaya atha kukupangirani kanyimbo ka manotsi anayi otsika kobwerezabwereza, kolira alendo akamaoneka. Nyimbo ikhale pansi pa mawu. Yesani pa sipika ya foni yotchipa, poti ambiri adzaonera pamenepo.

Musanatulutse, onetsani anthu 10 amene sanachite nawo ndipo si abale a osewera. Musawafotokozere kanthu. Khalani kumbuyo ndi pepala, lembani mphindi imene aseka ndi imene ayamba kuyang'ana mafoni awo. Paliponse pamene papita masekondi 40 popanda kuseka kapena kudzidzimuka, dulanipo, ngakhale pakhale pa chithunzi cha chombo chimene munachivutikira sabata yathunthu.

Tulutsani makope awiri. Ya 1080p ndi yosunga, ya YouTube, ndi yopereka kwa oonetsa makanema ndi oika nyimbo m'mafoni pa msika. Ya 480p, imene pa mphindi 10 imakhala pansi pa 100 MB, ndi ya WhatsApp. Itumizeni ngati document kuti isafinyidwenso. Dzina la gulu ndi nambala yolumikizirana zilembedwe m'kati mwa chithunzi, koyambirira ndi kumapeto, chifukwa filimu ikayamba kuyenda pa Bluetooth dzina la fayilo limasinthidwa. Ngati mukufuna kukaionetsa pagulu, mu holo kapena polipiritsa pakhomo, idutse kaye ku Censorship Board monga limanenera lamulo la 1968 loona za zisangalalo, ndipo kalata yake muziyenda nayo pa tsiku loonetsa.